Khonde Lopanda Chilolezo la Lelya Velichka

Pa Msewu wa Lipa panalibe chinthu chimene Lelya Velichka sanachiyezepo. Amayi ena a msinkhu wawo ankayenda ndi kampango kapena maswiti a adzukulu m'thumba la jasi, koma iwo ankayenda ndi tepi yoyezera, yachitsulo ija yodzikulunga yokha. Moni ankakupatsa ndi pakamwa pokha, maso ali pa windo lako latsopano. Ukamati uwafunse za nyamakazi yawo, unkangomva tepi ija ikusololoka, basi mtima n'kuyamba kukumbukira machimo onse amene unachita ndi simenti chiyambire chaka chatha.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi ku khonsolo ya mzinda wathu, kunthambi yoona zomangamanga. Atapuma pantchito, palibe anakumbukira kuuza manja awo kuti nawonso apume. Ndiye msewu wathu ndi wa nyumba zakalekale zija zotetezedwa ndi lamulo, zomwe alendo amabwera kudzajambula. Windo likaola, uyenera kuika lofanana ndi limene anaika agogo a agogo ako. Utoto wa khoma unalembedwa m'buku. Buku limenelo Lelya Velichka ankalidziwa pamtima kuposa mmene wansembe wathu ankadziwira mapemphero.

Amene anaimva kuwawa tepi ija kuposa tonse anali Bai Spas, kalipentala; kwathu bambo wamkulu timamulemekeza ndi mawu oti Bai, mayi wamkulu ndi oti Lelya. Iye ankakhala pansi pa nyumba nambala 14, Lelya Velichka ndi amuna awo ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yomweyo. Nyumba za pa Lipa ndi zokongola ukaziona panja, koma m'kati ndi zothina ngati nsapato ya mwana. Munthu akakwatitsa mnyamata wake, mpongozi n'kubwera kudzakhala nawo m'tizipinda tiwiri, ankatsikira kwa Bai Spas n'kukanong'ona. Pakatha sabata, khonde lasanduka chipinda, kapena padenga pamera kawindo komwe dzulo panalibe. Pakatha sabata ina, kalata ya Lelya Velichka ili ku khonsolo.

"Aneba, nyumba ndi ya anthu amoyo," ankatero Bai Spas.

"Amoyowo amafa, Spas. Msewu umatsala."

Zaka makumi anayi ankakangana choncho, kwinaku akubwerekana mchere.

Chaka china Bai Spas anafuna kashedi kosungiramo matabwa m'bwalo la pakati pa nyumba zathu. Mnzake wina womwa naye rakiya, kachasu wa kwathu, anamutsina khutu kuti chinthu chikakhala ndi matayala si nyumbanso, lamulo silichikhudza. Bai Spas anakatola matayala anayi a mawilibala akutha, n'kumanga kashedi kake pamwamba pake. Atangokhoma msomali womaliza, anamva masitepe akulira. Lelya Velichka anali kutsika.

"Bai Spas," anatero. Ankamuitana ndi ulemu wonse pokhapokha akakwiya. "Ichi n'chiyani?"

"Ngolo, aneba."

"Ngolo ya chitseko, windo ndi chumuni?"

"Ngolo za masiku ano."

"Ngati ndi ngolo, ikankheni tione."

Bai Spas sanafune kuchita manyazi pamaso pa anthu amene anali atasuzumira kale m'mawindo. Anaika phewa, n'kukankha pang'ono chabe. Anaiwala kuti bwalo lathu ndi lotsetsereka. Kashedi kaja kananyamuka mwaulemu, kanatuluka pageti, kanakhotera kumanzere, ndiye kanayamba liwiro. Mayi Radka, amene amaphika buledi pakona, anatuluka ndi thileyi ya banitsa, makeke athu a tchizi, n'kungoona nyumba ikudutsa. Anaima kukamwa yasa, thileyi ili m'manja, mpaka nyumba ija inakaima pa khoma la tchalitchi. Wansembe anatuluka, anayang'ana kashedi, anayang'ana kumwamba, n'kubwerera m'kati.

Lelya Velichka anatsika msewu wonse atawerama, akuyeza.

"Mamita makumi anayi ndi awiri," anatero. "Ndavomera, Spas, ndi ngolo ndithu. Koma mwaimika pamalo oletsedwa."

Musaganize kuti ankasankha nkhope. Mchimwene wawo weniweni, Kolyo, atamanga khola la nkhunda padenga, anamunenera ku khonsolo tsiku lomwelo. Kolyo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi osawalankhula. Iwo Pasaka aliyense ankamutumizirabe buledi wotsekemera wa chikondwerero, atamukulunga m'pepala la ndime imene Kolyo anaphwanya.

Mwina mukudabwa kuti munthu wotere tinkamukonderanji. Tinayamba kumukonda chaka chimene kunabwera Tanchev, bambo wa galimoto yakuda ndi nsapato zosongoka. Anagula nyumba nambala 16, n'kulengeza kuti khoma lakumaso alisiya mmene lilili, monga lamulo linenera, koma kuseri kwake amanga hotela ya nsanjika zisanu ndi imodzi. Mapepala ake anali ndi zidindo mpaka kuseri. Hotela imeneyo ikanaphimba bwalo lathu lonse, pomwe pali mpesa wa Bai Spas, zingwe zoyanikapo zovala, ndi mabenchi omwe okalamba amaotherapo dzuwa. Tonse tinangoti zatha, wa ndalama sutsutsana naye.

Lelya Velichka anangotulutsa tepi yawo. Masabata atatu tinkangowaona akuzungulira nambala 16, nthawi zina atagwada m'ngalande, nthawi zina atakwera pa mpando wa Mayi Radka. Anapeza kuti khoma la hotela likanayandikira nyumba ya eni ndi masentimita makumi anayi kuposa mmene lamulo lilolera, ndiponso kuti wojambula pulani anayezera kutalika kwa nyumbayo kuchokera kumtunda kwa chitsetsereko m'malo mwa kumunsi.

Tanchev atamva, anakwera yekha masitepe onse makumi asanu ndi awiri atanyamula chibokosi cha chokoleti. Bai Spas anatsatira pambuyo, akunamizira kuti akuona ngati masitepe sanagwedere.

"Lelya, inu mwakula," anatero Tanchev akupuma wefuwefu. "Masitepe awa si a munthu wa zaka zanu. Ndili ndi nyumba kutsidya kwa mtsinje, ya chikepe, mawindo mbali zonse. Mukhoza kulowa mawa."

Lelya Velichka analandira bokosi lija, analitsegula, anatulutsa tepi. Anayeza kunja, anayeza m'kati.

"Bokosi ndi lalikulu kawiri kuposa chokoleti chake," anatero, akumubwezera. "Ndaona kuti ndi mmene mumamangiranso."

Hotela ija sinamangidwe. Madzulo a tsiku limene khonsolo inabweza chilolezo, tinatulutsa matebulo pabwalo, Bai Spas n'kuimirira ndi tambula kuti awayamikire. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza, kenaka anamuuza kuti mpanda wa mpesa wake watalika ndi chikhatho chimodzi.

Amuna a Lelya Velichka, Bai Nedyalko, anali munthu woti ukhoza kukhala naye chaka chonse osadziwa mawu ake. Kale ankaphunzitsa ana kuimba chitoliro kusukulu. M'mawa uliwonse ankatsika ndi kabokosi ka tabla, masewera aja a timiyala ndi madayisi, n'kukhala pansi pa mpesa ndi Bai Spas. Nkhani za makonde sankazilowerera. Bai Spas akayamba kudandaula za akazi awo, iwo ankangoti, "Ponyani madayisi, Spas," basi.

M'nyengo yozizira ina anagwa kubafa. Madokotala anati ndi sitiroko. Anabwerako kuchipatala ali pa chikuku, mbali yakumanja itafa, mawu akutuluka limodzilimodzi. Amuna anayi anawakweza masitepe aja, ndipo pa ngodya ya nsanjika yachiwiri, pomwe masitepe amakhota mothina, anachita kuwanyamula pamsana chikuku chikubwera pachokha. Aliyense anadziwa, ngakhale palibe ananena, kuti munthuyo sadzatsikanso.

Mawindo a nyumba yawo onse anayang'ana kumpoto, pa khoma la nyumba ina. Dzuwa silinkalowamo ngakhale mwangozi. Khoma loyang'ana kubwalo, komwe dzuwa limaswera tsiku lonse, linali lopanda bowo, chifukwa anthu amene analimanga zaka zana ndi makumi asanu zapitazo ankasungirako fodya.

Lelya Velichka anachita zonse mwa dongosolo. Anapempha chilolezo cha chikepe, anawakaniza. Anapempha cha kakhonde kumbuyo, anawakaniza. Anapempha cha windo lokha. Kalata yachitatu itafika, Bai Spas anawapeza atakhala pa sitepe yoyamba akuiwerenga mobwerezabwereza.

"Akuti chiyani, aneba?"

"Ndime yachisanu ndi chinayi. Khoma la nyumba yotetezedwa siliboola munthu."

"Mwina analemba ndi mwana wosadziwa zinthu."

"Ayi. Mawu awa ndi anga, Spas. Kalata yokanira iyi ndinailemba ndine, kale ndili pantchito. Angosintha dzina ndi tsiku. Ndipo ilibe cholakwika ngakhale chimodzi."

Chaka ndi miyezi isanu Bai Nedyalko anakhala m'chipinda chamdima chija. Bai Spas ankakwera ndi tabla kukasewera nawo, akuwaponyera madayisi. Ankaona khungu la mnzake likuyezuka ngati mphukira ya mbatata yomerera m'thumba. Tsiku lina Bai Nedyalko analimbana ndi lilime kwa nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mpesa... waphuka?" Bai Spas anati waphuka. Lelya Velichka anali pachitseko ndi makapu a khofi. Anabwerera nawo kukhitchini.

Lachisanu lotsatira, m'mawa, analowa mogwirira ntchito mwa Bai Spas n'kuyala pepala patebulo. Inali pulani, yojambulidwa bwino ndi pensulo yosongoka: chitseko pa khoma loyang'ana kubwalo, ndi khonde la matabwa lotalika mamita awiri, m'lifupi mita imodzi ndi theka kuti chikuku chizitembenuka.

"Mwaipeza kwa yani imeneyi?" anafunsa Bai Spas. "Ine sindikudziwapo kanthu. Ndani akufuna kumanga?"

"Ine."

Bai Spas anayang'ana kuseri kwa chitseko, kenaka pansi pa tebulo.

"Mukufuna chiyani pamenepo?"

"Apolisi amene mwabwera nawo."

"Ndabwera ndekha."

"Ndiye chilolezo chatuluka?"

"Palibe chilolezo."

Bai Spas anafwanthula pampando n'kukhala pansi. Zaka makumi anayi ankalota tsiku limeneli, ndipo anali atakonzeratu mawu onse achipongwe oti adzanene. Palibe ngakhale limodzi limene linabwera.

"Chabwino," anatero pomaliza, motsitsa mawu ngati mmene ankachitira ndi makasitomala ake. "Tiyamba mawa Loweruka, maofesi ali otseka. Ndiphimba ndi lona, tizinena kuti tikukonza denga."

"Muyamba Lolemba, eyiti koloko, popanda lona. Ine ndikuphwanya lamulo, sindikuba."

Lolemba limenelo pa Msewu wa Lipa palibe anagwira ntchito. Hamala yoyamba itagunda khoma, mawindo onse anatseguka. Njerwa yoyamba itagwa, m'bowomo munatulukira mutu wa Lelya Velichka, uli mbuu ndi fumbi, ukuuza omanga kuti apite kumanzere masentimita atatu. Mayi Radka anapsereza buledi wa tsiku lonse. Mkulu wina amene anamugwetserapo khonde kawiri anapempha madzi akumwa, akuti mutu ukuzungulira. Kolyo anabwera wapansi kuchokera kutsidya, atamva mphekesera, anaima pakati pa bwalo ndi chipewa m'manja, n'kungoti, "Ameneyo ndi mlongo wanga?" Tonse tinkafunsa funso lomwelo.

Loweruka masana khonde linatha. Bai Spas anakankha chikuku, n'kuchitulutsa pa chitseko chatsopano chija. Tonse tinali pansi, makosi ali chagada. Bai Nedyalko anatsinzina, dzuwa litawamenya kumaso. Anakhala choncho nthawi yaitali mpaka tinayamba kuopa. Kenaka anasuntha dzanja lawo labwino lija, analiika pa thabwa lofunda, n'kunena momveka mpaka pansi kuti, "Kukutentha." Anaseka ndi theka la pakamwa. Amayi anayamba kupukuta m'maso ndi maepuloni.

Tinkayesa kuti kudabwa kwathera pamenepo. Lachitatu lake kunabwera galimoto ya khonsolo, n'kutsikamo Desislava, woyendera zomangamanga, amene anaphunzitsidwa ntchito ndi Lelya Velichka ali mtsikana. Nkhope yake inali ngati ya munthu wotumidwa kukamanga amayi ake.

"Ndani wanena?" anakalipa Bai Spas. "Ndani wopanda mtima ameneyo? Atuluke timuone."

Desislava anamuonetsa kalata. Inali ya masamba awiri, ndi miyeso yonse, ndi chithunzi chojambula pamanja. Pansi pake panali siginecha imene tonse tinkaidziwa bwino kuposa zathu.

"Mwachedwa," anatero Lelya Velichka ali pa khonde lija. "Ndinatumiza Lolemba lapitalo. M'masiku anga tinkafika m'maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu."

Desislava anaima pakati pa bwalo, maso ali pansi.

"Lelya Velichka, ine ndayang'ana ponseponse, sindikuona khonde lililonse."

"Kweza mutu."

"Khosi likundipweteka kuyambira dzulo."

"Desislava, ndinakuphunzitsa choncho ine?"

Apa m'pamene anthu a pa Lipa tinachita chinthu chimene mpaka lero sitikuchimvetsa. Mayi Radka anabwera kutsogolo n'kunena kuti khonde limenelo analipeza akukwatiwa. Mkulu wa makonde awiri uja analumbira kuti agogo ake ankayanikapo tsabola. Kolyo, mwini khola la nkhunda, anati iye anabadwira pomwepo, pakhondepo, tsiku la mvula. Anthu onse amene mayiyu anawanenerapo ku khonsolo anaima pamzere kumunamira mboni.

Lelya Velichka anafiira ngati tsabola yemweyo.

"Bodza lonse ili pamaso pa wantchito wa boma? Kolyo, iwe unabadwira kuchipatala, ndinalipo. Desislava, kwera udzanunkhize matabwa awa. Utomoni sunaume n'komwe."

Desislava anakwera, anayeza akulira, ndipo Lelya Velichka anamukonza pamene anawerenga molakwika. Chigamulo chinabwera: khonde ligwetsedwe pasanathe miyezi itatu.

Bai Spas anakwera masitepe ali ndi ukali woti sanauonepo mwa iye mwini.

"Ndiye tinavutikiranji? Munthu wangolawa dzuwa sabata imodzi, inu mukumulanda?"

"Khalani pansi, Spas. Lamulo limati wolakwa anenedwe, ndanenedwa. Lamulo lomwelo limati wolakwa ali ndi ufulu wochita apilo. Tsamba la makumi anayi. Anthu inu mumawerenga poletsa pokha, simufika kumapeto kwa buku."

Zimene tinaona miyezi yotsatira zinali ngati kuonera katswiri wa mpira atakalamba akusewera ndi ana. Apilo iliyonse ankakaipereka tsiku lomaliza, kutatsala mphindi khumi kuti ofesi itseke. Ankapeza kuti chidindo chadindidwa pa tsamba lolakwika, kuti kalata yasainidwa ndi wachiwiri m'malo mwa mkulu, kuti komiti inakumana anthu osakwana. Sananame ngakhale kamodzi. Pa miyezi itatu ija anakoka mpaka inakwana khumi ndi isanu ndi iwiri.

Bai Nedyalko anaothera zilimwe ziwiri pa khonde lija. Anada ngati mlimi. Ankayang'anira bwalo lonse, ndipo ana akamenyana ankagogoda thabwa ndi supuni. Mpesa unakwera mpaka unafika pomwe ankatha kuthyola okha. Anamwalira mu Okutobala, masana, ali pachikuku pomwepo, bulangete lili m'miyendo.

Bokosi lawo linakana kukhota pa ngodya ya nsanjika yachiwiri. Anayesa choimika, anayesa chopendeka, linakana. Pomaliza analibweza m'mwamba, n'kulitsitsa ndi zingwe kuchokera pakhonde, pang'onopang'ono, likudutsa m'masamba ofiira a mpesa. Lelya Velichka anaima pansi akuyang'ana, milomo ili gwa.

Atatha mapemphero a tsiku la makumi anayi chimwalirireni amuna awo, tikudya tirigu wowiritsa wa chikumbutso, Lelya Velichka anamukokera Bai Spas pambali.

"Mawa mubwere ndi zida. Tikugwetsa."

Nkhani inafalikira tisanatsuke n'komwe mbale. Tinawachonderera. Mayi Radka anati nawonso akalamba, adzafuna poothera dzuwa. Desislava anabwera yekha kudzanena kuti failo yawo yasowa ku ofesi, ndipo sakukhulupirira kuti idzapezeka. Lelya Velichka analowa kuchipinda n'kumubweretsera ina, yonse, yomangidwa ndi kachingwe.

"Ine sindigwetsa," anatero Bai Spas. "Pa zonse zimene ndinamanga m'moyo wanga, chokhacho n'chimene sindichita nacho manyazi."

"Ndikalisiya, Spas, chaka chamawa wina abwera ndi chithunzi chake ku khonsolo. Adzati ngati Velichka anaboola khoma, ine ndilekerenji kuwonjezera nsanjika ziwiri? Ndipo adzakhala akunena zoona. Mwini wake wa khonde wapita. Ndibwerekeni hamala ngati simukufuna."

Anaitenga ndithu hamala ija, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kuyamba kukwera nayo. Bai Spas anawapeza pa nsanjika yoyamba n'kuwalanda. Anagwetsa yekha, thabwa limodzilimodzi, osathyola ngakhale limodzi. Khoma analitseka ndi njerwa zake zomwe zija, zimene Lelya Velichka anali atazisunga pansi pa bedi, iliyonse ili ndi nambala.

Kuchokera pamenepo, Lolemba lililonse Lelya Velichka ankapita ku khonsolo ndi kalata yopempha kuti ndime yachisanu ndi chinayi isinthidwe, kuti odwala ndi okalamba aziloledwa chikepe kapena khonde kumbuyo kwa nyumba. Alonda a pageti ankawasungira mpando. Pa msonkhano wina, wapampando atawafunsa ngati tsopano akunena kuti lamulolo ndi loipa, anayankha kuti, "Ndi labwino. Kungoti tinalilemba tili ndi miyendo yabwino, tonse amene tinali m'chipindamo."

Patapita zaka zinayi, Bai Spas anawapeza pa ngodya ya nsanjika yachiwiri, akuyeza khoma ndi khoma. Madzulo ake anabwera mogwirira ntchito muja, anavula nsapato, n'kugona chagada patebulo la matabwa, manja atapinda pachifuwa.

"Aneba, mwadwala?"

"Yezani. Ine sinditsika pa chingwe ngati chidebe, ndipo khonde kulibe. Bokosi likhale mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi limodzi ndi anayi, osapitirira. Zogwirira muike m'kati mwa matabwa, zisatuluke. Kumapazi mudule ngodya."

"Mukhala mothina."

"Ndakhala pa Lipa moyo wanga wonse, ndinazolowera."

Bai Spas anayeza katatu, ndipo katatu konse womwalira wam'tsogoloyo anadzuka kudzaona ngati wawerenga bwino.

Lelya Velichka anamwalira chaka chotsatira, mitengo ikuphuka, m'mawa, atavala kale jasi yopitira ku khonsolo. Tsiku la maliro masitepe anadzaza anthu, ndipo kunena zoona, ambiri tinabwera ndi mtima umodzi wolira, wina wofuna kuona. Onyamula atafika pa ngodya ija anaima. Wakutsogolo anakweza pang'ono, wakumbuyo anatsitsa, bokosi n'kukhota bwinobwino, kutatsala mpata wa chala chimodzi pakati pa thabwa ndi khoma. Kolyo anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo tonse tinatsika naye choncho, osadziwa kuti tikuchita chiti.

Ndime ija anaisintha patatha chaka. Nambala 14 ili ndi chikepe tsopano, kumbuyo, chagalasi, chonyansa ngati firiji. Mayi Radka, amene anasamukira pamwamba paja mawondo atawakana, amakwera nacho kanayi patsiku, ndipo amati akamakwera amapepesa.

Koma zina zasinthanso. Mawindo apulasitiki alowa msewu wonse. Nyumba ya pakona yamera nsanjika ina yomwe akuti ndi denga chabe, denga la mabafa awiri. Wina watseka kanjira kodutsira ana a sukulu n'kuikapo galimoto. Aliyense ali ndi kachipinda kake kowonjezera, aliyense akudandaula za kachipinda ka mnzake, ndipo palibe amene amalemba kalata, chifukwa ndi ndani angayambe? Masiku ano munthu umakhoma msomali mwamtendere, n'kupeza kuti mtenderewo sukukoma.

Bai Spas wakalamba, amagwira ntchito m'mawa mokha. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachinyamata amene wagula nambala 9, n'kumuuza mosanong'ona n'komwe kuti akufuna kutseka khonde lakumaso likhale ofesi.

"Mwabwera ndi pepala la ku khonsolo?" anafunsa Bai Spas.

Bambo uja anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti mkuluyo sakuseka, anayang'ana ife amene tinakhala pabenchi, ngati kuti timuthandize. Ife nafe tinali titasiya kutafuna.

"Koma anthu anandiuza kuti inu ndi amene simufunsa mapepala."

"Anakuuzani zoona," anatero Bai Spas, akupukuta magalasi ake. "Kale kunali wofunsa, ine ndinkangomanga. Pitani mukatenge pepalalo. Mundikhululukire ngati ndakana moipa, ntchito imeneyi ndangoiyamba kumene."